Mwini Nyumba ndi Mmisiri ku Kuwadzana: Mbiri ya Nyumba Zomangidwa Pang'onopang'ono

Kuwadzana, dera la nyumba zothithikana lomwe lili kumadzulo kwa mzinda wa Harare m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Bulawayo, linatsegulidwa mu 1984 pa malo omwe kale ankadziwika ndi maina a Parkridge ndi Fontainebleau, ndipo chomwe chimalisiyanitsa ndi malokeshoni akale monga Mbare, Highfield ndi Mufakose n'chakuti anthu oyamba kukhalamo sanalandire nyumba yomangidwa kale, koma poloti yopimidwa, yofikiridwa ndi msewu, madzi a m'mipopi ndi mapaipi a zonyansa, kuti nyumbayo aone okha momangira. Chifukwa cha chiyambi chimenechi, ntchito yaikulu yokonzanso nyumba m'derali, monga kuonjezera zipinda, kusintha denga kapena kugwetsa khoma la pakati, siigwera nyumba yomwe inatha kale, koma imangopitiriza ntchito yomwe inayambika m'ma 1980 ndipo m'mabanja ambiri sinafikebe kumapeto. Mbiri ya ntchitoyi kwenikweni ndi mbiri ya mmene mwini nyumba ndi mmisiri akhala akugawanirana ndalama, zipangizo ndi udindo pa zolakwika, ndipo kagawidwe kameneka kakhala kakusintha potengera malamulo a boma, mphamvu ya ndalama ya dzikolo, komanso kutalika kwa mtunda pakati pa mwini nyumba ndi poloti yake.

M'nthawi ya ulamuliro wa azungu, pamene mzindawu unkatchedwa Salisbury, nkhani yolemba mmisiri wokonza nyumba sinkakhudza anthu akuda ambiri a m'tauni, pakuti nyumba zomwe ankagonamo sizinali zawo. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linaika mizinda m'gawo la malo a azungu, ndipo lamulo lina la 1946, lokhudza pogona ndi kalembera wa anthu akuda m'mizinda, linakakamiza mabwana kupezera antchito awo malo ogona, zomwe zinamangirira nyumba ya kulokeshoni ku ntchito, moti wochotsedwa ntchito ankayembekezeranso kuchotsedwa m'nyumba. Nyumbazo zinali za khonsolo kapena za boma, zofanana kamangidwe mzere ndi mzere, ndipo wokhalamo sakanaboola khoma kapena kulumikiza chipinda popanda chilolezo cha mzungu woyang'anira lokeshoni. Luso la zomangamanga nalonso linali ndi mpanda wake, chifukwa lamulo la Industrial Conciliation Act la 1934 linachotsa anthu akuda m'gulu la antchito ozindikiridwa ndi lamulo, kotero kuti njira yophunzirira luso pansi pa katswiri wa pakampani, yomwe inkatsegula khomo la satifiketi ndi malipiro apamwamba, inasungidwira ana a azungu.

Izi sizikutanthauza kuti amisiri akuda kunalibe. Sukulu za boma za Domboshawa ndi Tjolotjo, zomwe zinatsegulidwa mu 1920 ndi 1921, zinkaphunzitsa kumanga ndi ukalipentala, monganso zinkachitira sukulu zambiri za mishoni, ndipo ena mwa amuna omwe ankachoka ku Nyasaland kukasaka ntchito ku Southern Rhodesia anali atasulidwa kale ku Overtoun Institution ya ku Livingstonia kapena ku Henry Henderson Institute ya ku Blantyre, komwe ntchito zamanja zinali mbali yaikulu ya maphunziro. Ambiri, komabe, anaphunzirira pa malo a ntchito pomwepo, kuyambira pa kukankha wilibala ndi kukanda matope mpaka kufika poyala njerwa, pansi pa kapitawo yemwe ankalandira malipiro a katswiri pa ntchito yomwe manja awo ankagwira. Kuyambira nthawi imeneyo luso lomanga ndi pepala lochitira umboni lusolo zinayenda njira zosiyana, ndipo mpaka lero mwini nyumba wa ku Kuwadzana amakhulupirira kwambiri khoma lomwe waliona ndi maso kuposa satifiketi yomwe wamuonetsa.

Maganizo opatsa munthu nyumba yosatha kuti aimalize yekha anayamba kuyesedwa ufulu usanabwere. Ku Kambuzuma, komwe kunatsegulidwa mu 1964, ogula ankalandira kanyumba koyambira komwe ankayenera kukakulitsa, ndipo ku Glen View, kuyambira mu 1979, anthu anapatsidwa mapoloti okhala ndi madzi ndi chimbudzi basi. Njira imeneyi inali itatchuka m'maiko ambiri, makamaka chifukwa cha zolemba za John Turner, katswiri wa zomangamanga wa ku Britain yemwe, ataona mmene anthu osauka a ku Lima m'dziko la Peru ankamangira midzi yawo, anaphunzitsa kuti boma lizipereka malo ndi zofunika zikuluzikulu n'kusiyira mabanja ntchito yomanga. World Bank inayamba kuthandiza ndondomeko yotereyi ku Senegal mu 1972, kenako ku Lusaka mu 1974, komwe inaphatikizapo kutukula makomboni monga George ndi Chawama.

Boma lomwe linalowa mu 1980 linatenga njirayi koma linaisintha pa mfundo imodzi yomwe inadzakhudza kwambiri ntchito ya amisiri. Atsogoleri atsopano ankaona tinyumba ting'onoting'ono ta nthawi ya atsamunda ngati chipongwe kwa munthu wakuda, choncho anakweza mlingo wa nyumba yovomerezeka: poloti isachepere masikweya mita 300, nyumba yoyambira ikhale ya zipinda zinayi zokwana masikweya mita 50, yomangidwa ndi zipangizo zolimba, yokhala ndi chimbudzi chamadzi, ndiponso yojambulidwa mwanjira yoti idzathe kukula kufika zipinda 7. Ndalama zokonzera Kuwadzana zinabwera kudzera ku bungwe la boma la America la USAID, mwa ndondomeko yomwe boma la America linkaikira chikole ngongole zochokera kwa obwereketsa a m'dziko mwake, ndipo mapoloti anagawidwa kwa anthu a malipiro ochepa omwe anali pa mndandanda wa khonsolo wa odikira nyumba. Wolandira poloti ankayenera kumaliza zipinda zinayi zija m'miyezi 18. Wowerenga wa ku Malawi angaone kusiyana kwake akakumbukira kuti m'madera monga Kawale, Chilinde, Bangwe ndi Zingwangwa munthu ankaloledwa kumanga ndi zidina n'kukumba chimbudzi cha dzenje, ntchito yomwe banja likanatha kugwira lokha mothandizidwa ndi achibale. Ku Harare lamulo linkafuna nyumba yomwe kalaliki, mlonda kapena wantchito wa m'fakitale sakanaimanga ndi manja ake, ndipo linkaifuna mwachangu, kotero kuti kulemba mmisiri kunali kosapeweka.

Boma linali litaika njira zitatu zomangira. Yoyamba inali kudzimangira mothandizidwa ndi ngongole, yachiwiri inali kugwirizana m'makopaletivi, ndipo yachitatu, yomwe boma linkaikonda chifukwa inkagwirizana ndi mfundo zake za sosholizimu, inali ya mabirigedi, magulu a omanga olembedwa ndi khonsolo omwe ankayembekezeka kuchotsa phindu la makampani pa mtengo wa nyumba. Mabirigedi sanakwaniritse chiyembekezocho, pakuti antchito ake ankalandira malipiro a pamwezi kaya khoma lakwera kaya ayi, zipangizo ndi magalimoto zinkawasowa kawirikawiri, ndipo nyumba zawo zinkatuluka zodula kuposa za amisiri wamba. Ofufuza omwe anayendera madera amenewa, mmodzi mwa iwo Carole Rakodi yemwe anatulutsa buku lofotokoza za Harare mu 1995, anaona kuti chomwe mapepala a boma ankachitcha kudzimangira chinali kwenikweni kulemba amisiri ang'onoang'ono. Mwini poloti ndiye anasanduka kontrakitala, ndiko kuti munthu wosonkhanitsa zipangizo, wolemba amisiri osiyanasiyana ndi woonetsetsa kuti ntchito ya wina ikulumikizana ndi ya mnzake, ngakhale sanaphunzirepo ntchito imeneyi.

Mgwirizano womwe unazika mizu m'zaka zimenezo ndi womwe mmisiri amagulitsa manja ake okha, pamene mwini nyumba amagula njerwa, simenti, mchenga, miyala, mafelemu ndi zofolera. Mtengo sugwirizanidwa pa nyumba yonse koma pa gawo lililonse palokha: kukumba ndi kuthira maziko, kukweza maziko mpaka kuthira silabu, yomwe ndi konkire ya pansi pa nyumba, kuyala njerwa kufika pa mawindo, kufika pa lintala, mtanda wa konkire wodutsa pamwamba pa zitseko ndi mawindo, kenako kufika pokhazika matabwa a denga. Apa womanga amapumira kaye kuti kalipentala akhome denga, ndipo pulambala ndi wamagetsi amabwera pa nthawi yawo, aliyense ndi mtengo wake, asanabwerere womanga uja kudzapaka pulasitala. Mmisiri amadzilembera yekha omuthandiza okanda dhaka, lomwe ndi dzina la Chishona la matope a simenti ndi mchenga, ndipo amawalipira kuchokera pa ndalama yomwe walandira. Kawirikawiri amapatsidwa kachigawo poyamba ntchito ndi zotsala akamaliza gawolo, ndipo pafupifupi mikangano yonse ya m'ntchitoyi imabadwira pa kukula kwa ndalama yoyambayo: ikachuluka mmisiri amatha kutengeka ndi ntchito ina n'kusiya khoma lili pakati, ikachepa amalephera kusunga omuthandiza.

Kugawa ntchito motere kunali ndi nzeru yake, yomwe anthu ozolowera makontrakiti a makampani akuluakulu saiona msanga. Kunkalola banja kuimitsa ntchito ndalama zikatha popanda kuphwanya pangano lililonse, kunkalola kusintha mmisiri pakati pa gawo lina ndi linzake, ndiponso kunkachepetsa zomwe munthu mmodzi akanathawa nazo. Koposa zonse, kunkasiya zipangizo m'manja mwa mwini wake. Chinyengo cha pa zomangamanga chimachitikira pa zinthu zomwe zimabisika ntchito ikatha: kuya kwa ngalande ya maziko, kuchuluka kwa mchenga womwe wasakanizidwa ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, waya womwe umayenera kugonekedwa pakati pa mizere ya njerwa, pepala lakuda lotchinga chinyezi kuti chisakwere m'khoma, ndi kuthirira konkire masiku angapo kuti iume bwino. Pulasitala akapakidwa, palibenso yemwe angadziwe ngati zimenezi zinachitika, mpaka mng'alu utaonekera patapita mvula ziwiri kapena zitatu. Chitetezo chokha chinali kukhalapo pamene ntchito ikugwiridwa, kutulutsa matumba powerenga m'mawa ndi kuwerenga mapepala ake madzulo, ndipo popeza amuna ambiri ankakhala ali ku ntchito m'madera a mafakitale a Workington, Southerton kapena Willowvale, udindo umenewu unkagwera amayi, omwe maina awo nthawi zambiri sanali pa mapepala a poloti koma ndiwo ankadziwa mtengo wa chinthu chilichonse chomwe chinalowa m'khoma.

Zipinda zinayi zitatha, zotsalazo zinamangidwa ndi ndalama za lendi. Mzinda unkakula mofulumira kuposa mapoloti omwe khonsolo inkatulutsa, kotero chipinda chilichonse chinkapeza ochita lendi, omwe kumeneko amatchedwa maroja, ndipo mabanja ambiri ankadzipanikiza m'zipinda ziwiri kuti ziwiri zinazo zibweretse ndalama zogulira njerwa za chipinda chachisanu. Mu 1991 dziko linayamba ndondomeko yosintha chuma ya ESAP, yomwe inachititsa kuti mafakitale ndi maofesi a boma achepetse antchito, ndipo zotsatira zake pa ntchito yomanga zinali ziwiri zotsutsana: eni nyumba anafunitsitsa zipinda zochititsa lendi kuposa kale, pamene amisiri ochotsedwa m'makampani anadzaza malokeshoni n'kutsitsa mtengo wa manja. Mu 1992 boma linavomereza kuti mlingo wake unali wokwera kwambiri, ndipo linatsitsa poloti yochepetsetsa kufika pa masikweya mita 150 ndi nyumba yoyambira kufika pa masikweya mita 36. Kuseri kwa nyumba zambiri kunamera tinyumba ta matabwa kapena ta njerwa tomangidwa popanda pulani.

Zipangizo nazo zili ndi mapu ake omwe womangitsa aliyense amawaphunzira. Njerwa za m'fakitale zimachokera ku Mount Hampden, komwe kuli makampani a Willdale ndi Beta, ndipo zimapikisana ndi njerwa zoumbidwa pamanja n'kuotchedwa m'mauvuni a m'mafamu ozungulira mzinda, zomwe n'zotchipa koma zosafanana kukula ndi kulimba. Simenti ya ku Harare kwa zaka zambiri inkachokera ku fakitale ya ku Manresa pafupi ndi Mabvuku, yomwe inkadziwika ndi dzina la Circle Cement, kenako Lafarge, ndipo pambuyo pake Khayah, kuphatikizapo ya kampani ya PPC ndi ya Sino-Zimbabwe ya kufupi ndi Gweru. Mafelemu a zitseko ndi mawindo amawotcheredwa ku Siyaso m'dera la Mbare, matabwa a paini amatsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa cha ku Mutare ndi Chimanimani, pamene mchenga umabwera ndi malole omwe ambiri amaukumba mosaloledwa ndipo amathamangitsana ndi bungwe loteteza chilengedwe la EMA.

Pa mapepala, ntchito yonseyi imayang'aniridwa ndi lamulo la Regional, Town and Country Planning Act la 1976 ndi malamulo a kamangidwe a 1977, omwe amafuna kuti pulani ya chilichonse choonjezera ivomerezedwe ndi khonsolo, ku maofesi ake a ku Cleveland House, ndi kuti woyendera wa khonsolo aone ntchito pa magawo ofunika, kuyambira pa ngalande ya maziko konkire isanathiridwe mpaka pa denga ndi mapaipi a zonyansa, asanapereke chikalata chololeza anthu kulowamo. Kwa zaka zambiri malamulowa ankatsatidwa pa nyumba yaikulu koma ankanyalanyazidwa pa za kuseri, ndipo akuluakulu ankayang'ana kumbali. Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito yotchedwa Murambatsvina, momwe apolisi anagwetsa tinyumba ta kuseri, timagolosale ta pakhomo ndi zipinda zopanda pulani yovomerezeka m'mizinda yonse, ndipo nthawi zambiri eni ake ankalamulidwa kugwetsa okha zomwe analipira amisiri kuti amange. Mudzi wa pa famu ya Whitecliff, kufupi ndi Kuwadzana, unali pakati pa malo omwe anaphwasulidwa. Anna Tibaijuka wa ku Tanzania, mkulu wa UN-Habitat yemwe anatumidwa ndi Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, kudzafufuza, analemba mu Julayi chaka chomwecho kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama kapena zonse ziwiri, ndi kuti ena 2.4 miliyoni anakhudzidwa mwanjira ina, ndipo anadzudzula kugwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya atsamunda omwe sankagwirizana ndi moyo wa anthu osauka.

Chomwe chinaonekera poyera chaka chimenecho n'chakuti chilango cha kumanga kopanda chilolezo chimagwera mwini nyumba yekha, osati mmisiri yemwe anamuuza kuti pulani n'kutaya ndalama. Kuyambira pamenepo pulani yodindidwa chidindo cha khonsolo inayamba kusungidwa pamodzi ndi zikalata za kubadwa ndi za ukwati, ndipo wojambula mapulani analowa m'gulu la anthu omwe womangitsa wochenjera amayamba waonana nawo asanaitane womanga. Nkhanza za Murambatsvina zinapweteka mwapadera zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, omwe ndi ambiri m'madera oyandikana ndi Kuwadzana monga Dzivarasekwa ndi Mufakose, komanso ku Mbare, Mabvuku ndi Tafara. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, koma amenewa analibe mudzi m'dzikolo, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunali kutasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko lomwe anabadwiramo, mpaka pamene malamulo aakulu a 2013 anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Kwa mabanja oterewa nyumba ya m'tauni ndiyo mudzi, manda a makolo ali m'tauni momwemo, ndipo chipinda choonjezera si malonda chabe koma pofikira ana ndi adzukulu omwe alibe kwina kolowera.

Kugwa kwa ndalama kunaphunzitsa phunziro lina. Dola ya Zimbabwe inayamba kutsika mwamphamvu pa 14 Novembala 1997, ndipo pofika Julayi 2008 chiwerengero cha boma cha kukwera kwa mitengo chinali 231 miliyoni peresenti pa chaka, mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni. M'nyengo yotereyi mtengo wogwirizana Lolemba unkakhala wopanda tanthauzo Lachisanu, ngongole za nyumba zochokera ku mabungwe monga CABS ndi Beverley zinauma, ndipo boma litalamula kutsitsa mitengo mu 2007 katundu, simenti yomwe, anasowa m'masitolo n'kumapezeka pa msika wa mseri. Amisiri ankafuna kulipidwa ndi ndalama ya ku South Africa, madola a ku America kapena chakudya, ndipo ambiri anaoloka Limpopo kapena kupita ku Botswana. Mabanja omwe anapezako kandalama ankathamangira kukasandutsa njerwa ndi mafelemu, zinthu zosaola zomwe kutsika kwa ndalama sikukanazidya, moti mulu wa njerwa pabwalo unasanduka nkhokwe ya banja. Kubwera kwa ndalama zakunja mu 2009 kunadzutsanso ntchito zomwe zinaima pa mawindo kwa zaka zambiri, koma mu Febuluwale 2019 boma linalamula kuti ndalama ndi ngongole zambiri zolembedwa m'madola a ku America zisanduke ndalama yatsopano ya m'dzikolo pa mlingo wa imodzi kwa imodzi, ndipo mu Januwale 2020 khothi la Supreme, pa mlandu wa Zambezi Gas ndi N.R. Barber, linatsimikiza kuti ngongole zakale zikhoza kubwezedwa motero. Munthu yemwe anaona zimenezi sangadzudzulidwe akamakana pangano lalitali lolembedwa, n'kusankha kulipira gawo limodzi pa nthawi, pamanja, m'madola a ku America, mwambo womwe sunasinthe ngakhale ndalama ya ZiG itabwera mu Epulo 2024.

Chomwe chinagwedeza dongosolo lakaleli si lamulo kapena ndalama, koma kuchoka kwa mwini nyumba pa poloti. Kuyambira chaka cha 2000 anthu ambiri a ku Zimbabwe anasamukira ku South Africa, Botswana ndi Britain, ndipo ndalama zomwe amatumiza zinakhala gwero lalikulu la ntchito zokonzanso nyumba za makolo awo, moti mu 2004 banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa ndondomeko ya Homelink pofuna kukopa ndalamazo. Munthu yemwe ali ku Johannesburg kapena ku Luton sangawerenge matumba a simenti m'mawa, choncho amakakamizika kusankha pakati pa njira ziwiri: kutuma m'bale kuti ayang'anire amisiri, kapena kulemba kontrakitala weniweni yemwe amagula yekha zipangizo, amabweretsa amisiri ake onse ndipo amatchula mtengo umodzi wa ntchito yonse. Njira yachiwiriyi, yomwe kale inali ya anthu olemera a ku Borrowdale ndi Mount Pleasant, inalowa m'malokeshoni kudzera mwa anthu akunjawa, ndipo inabweretsa makampani ang'onoang'ono odzitsatsa pa Facebook, mapepala a mitengo olembedwa mwadongosolo, ndalama zodutsa pa Mukuru ndi EcoCash, komanso zithunzi za pa WhatsApp zoonetsa pomwe ntchito yafika. Koma chithunzi chimaonetsa kutalika kwa khoma, sichionetsa zomwe zili m'kati mwake, ndipo nthawi zina sichitsimikizira n'komwe kuti khomalo lili pa poloti ya yemwe walipira. Vutoli amalidziwa bwino Amalawi a ku Joni omwe amamangitsa ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo kulemera kwake kumakula pamene wodya ndalamayo ndi m'bale, yemwe kumutengera ku khothi kumagawanitsa banja.

Funso lakuti kontrakitala ndani lilibe yankho lomveka m'malamulo a ntchito zing'onozing'ono. Boma limayesa amisiri ndi kuwaika m'magulu anayi, kuyambira kalasi 4 mpaka kalasi 1 yomwe ndi ya katswiri, ndipo makampani ali ndi mabungwe awo, Construction Industry Federation of Zimbabwe lomwe linayamba mu 1915 ndi Zimbabwe Building Contractors Association lomwe makontrakitala akuda anakhazikitsa mu 1985, koma kulembetsa m'mabungwe amenewa kumathandiza makamaka pofuna ntchito za boma ndi za makampani, ndipo palibe chomwe chimaletsa munthu wopanda pepala lililonse kulandira ndalama yokonzera nyumba ya ku Kuwadzana. Mabungwewa akhala akupempha kwa zaka zambiri lamulo lokakamiza kalembera wa makontrakitala, lofanana ndi lomwe linakhazikitsa National Construction Industry Council ku Malawi mu 1996 ndi National Council for Construction ku Zambia mu 2003, ngakhale zoona zake n'zakuti ngakhale m'maiko awiriwa kalembera safika kwa mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Kanyama. Wolakwiridwa angathe kupita ku khothi la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, koma kupambana mlandu n'kosiyana ndi kubwezeredwa ndalama ndi munthu yemwe chuma chake chonse ndi wilibala ndi mafosholo awiri. N'chifukwa chake mmisiri amapezekabe kudzera mwa oyandikana nawo nyumba, a mumpingo kapena a m'bungwe la maliro, anthu omwe amadziwa komwe amagona ndipo angathe kumuchititsa manyazi, chilango chomwe m'malo oterewa chimagwira ntchito msanga kuposa samani.

Ntchito zomwe zikuchitika tsopano m'zigawo zakale za Kuwadzana ndi za m'badwo wachiwiri. Ambiri mwa omwe analandira mapoloti m'ma 1980 anakalamba kapena anamwalira, ndipo ngakhale kusintha kwa lamulo la chuma cha masiye mu 1997 kunateteza mkazi kapena mwamuna wotsala kuti asachotsedwe m'nyumba ya banja, nyumba zambiri zikadali m'dzina la malemu, kotero mwana yemwe akulipira kontrakitala amakhala akukongoletsa chuma chomwe abale ake onse ali nacho gawo. Zomwe amafuna ndi denga la malata amakono kapena matailosi m'malo mwa asibesitosi ya kampani ya Turnall, siling'i, matailosi a pansi, mawindo a aluminiyamu, chimbudzi cha m'chipinda chogona, mpanda wa konkire, thanki ya madzi ndi magetsi a dzuwa. Ntchito zimenezi n'zovuta kuposa kumanga pa poloti yopanda kanthu, pakuti khoma latsopano likalumikizidwa ku lakale popanda kulumanitsa njerwa limang'aluka pa mfundo pomwepo, denga la matailosi limalemera kuposa lomwe matabwa ndi makoma akale anakonzedwera, ndipo maziko omwe anakumbidwa mothamangira miyezi 18 sanalinganizidwe kunyamula nyumba yosanja. Kuchotsa asibesitosi nakonso kuli ndi ngozi yomwe amisiri ochepa amaisamala, ngakhale bungwe la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo fumbi loopsalo limatuluka pamene mapepalawo akudulidwa kapena kuswedwa.

Pali mbali imodzi ya ntchitoyi yomwe siilowa m'pangano la mwini nyumba ndi mmisiri aliyense, ndiyo ya mapaipi a pansi pa nthaka. Omwe anapima Kuwadzana anawerengera banja limodzi pa poloti iliyonse, koma poloti yomweyo tsopano imasunga mabanja atatu kapena anayi, chimbudzi chilichonse choonjezera chimathira m'paipi yomwe inaikidwa m'ma 1980 kupita ku malo oyeretsera zonyansa a Crowborough, ndipo zipinda zina zinamangidwa pamwamba penipeni pa mapaipiwo, moti akatsekeka antchito a khonsolo amasowa pokumba. Madzi a m'mipopi atayamba kusowa masiku ambiri pa sabata, anthu anakumba zitsime ndi mijigo m'nthaka yomweyo yomwe zonyansa zophulika zimalowerera. Mu Novembala 2023 khonsolo ya Harare inalengeza kuti mzinda uli pa ngozi chifukwa cha kolera, ndipo Kuwadzana ndilo dera lomwe linatchulidwa kuti linali ndi odwala ambiri.